Nyali Yaikulu pa Njira ya ku Chiuta

Fyuzi ndi kanthu kopanda ulemu. Kagalasi kofupika ngati kachala ka khanda, m'kati mwake kawaya konga tsitsi. Magetsi akachuluka kapena akasochera, kawayako kamaduka kuti zina zonse zipulumuke. Ine ndinkati fyuzi poti ndinakulira ku Malawi komwe tinathawira nkhondo. Bambo anga ankati fuzivi, mmene anazolowera tisanathawe. Kaya dzina lake lenileni ndi liti, kanthu kameneka kanandidyera chilimwe chathunthu, ndipo mpaka lero ndikakaona m'sitolo mtima umandilemera.

Titabwerera kuno ku Mecanhelas nkhondo itatha, pamudzi pathu tinangopeza mitengo ya mango ndi zitsa. Bambo anagwetsa tchire, n'kulima chimanga ndi chinangwa, kenako anayamba kutenga nsomba ku Chiuta pa njinga yakapalasa n'kumakagulitsa ku Entre Lagos. Patapita zaka anagula mota, njinga yamoto yakale yofiira, kwa munthu wina wa ku boma. Mota imeneyi sinali chitsulo chabe kwa iwo. Zaka zonse za ku Malawi munthu wamkuluyu ankaima pamzere wa ufa, thumba lili m'manja, kudikira kuti aitanidwe dzina ngati mwana wa sukulu. Tsiku lomwe anafika nayo pakhomo anaiimika pansi pa mtengo wa mango osazimitsa injini, kuti mudzi wonse umve.

Kayendedwe kawo kanali kotere. Ankanyamuka masana kupita kunyanja, n'kukagona kwa mnzawo wina, msodzi wachiyao yemwe ankadziwana naye kuyambira ali anyamata. Mabwato akakocheza mbandakucha, ankasankha makumba ndi milamba, kumanga dengu, n'kunyamuka kusanayere kuti afike kumsika dzuwa lisanafewetse nsomba. Panjira imeneyo panali malo ena, pakati pa madambo awiri, pomwe panazikidwa timitengo topaka utoto wofiira mbali zonse za njira. Kuseri kwa timitengoto kunali mabomba okwirira omwe anali asanachotsedwe. Ng'ombe ya munthu wina inafera kumeneko, ndipo palibe anapita kukatenga nyama. Aliyense wodutsa ankaponda momwe mnzake waponda.

Ine nthawi imeneyo thupi linali pakhomo koma mtima unali ku Cuamba. Ndinali nditaphunzira kukonza njinga ndi mawailesi ku Malawi, ndipo khasu ndi fungo la nsomba zinali zitandifika m'khosi. Malume anga anandipezera malo pa ofisina ina yokonza magalimoto. Mwini wake anati andidikira mpaka mvula yoyamba, ikagwa ndisanafike atenga wina. Bambo sanakane. Anangodandaula kuti nyali ya mota yawo yafooka, ikuwala ngati koloboyi wotha parafini. Tsiku lina anabwera ndi nyali yaikulu ya galimoto yakufa yomwe anaipeza ku Nayuchi, tsidya la malire, ataikulunga m'thumba la saka.

"Undiikire iyi, iziwala bwino, ukatero upite," anatero. "Sindidzakugwira mwendo."

Ndinaiona ngati ntchito ya tsiku limodzi. Ndinachotsa nyali yakale, kumangirira yatsopano ndi tizitsulo tomwe ndinapinda ndekha, kulumikiza mawaya omwewo, n'kuyatsa. Inangophethira kamodzi, fyuzi n'kupsa. Pamenepo sindinadabwe. Nyali ya galimoto imadya kwambiri, pomwe tiwaya ta mota n'tochepa mphamvu. Nditaika fyuzi yokulirapo nyali inayakadi, koma waya anatentha mpaka kununkha. Ndiye ndinakwera njinga kukafuna waya wonenepa, ndinamupeza, n'kumuyala kuchokera ku batire, kudutsa pansi pa chishalo, kukafika kutsogolo, ali ndi fyuzi yakeyake ndi switchi yakeyake. Ndinayatsa, kuzimitsa, kuyatsa, kugwedeza mota, kuzungulira nayo mudzi mpaka agalu anatopa kundiuwa. Zonse zinali bwino. Madzulo ake ndinachapa malaya anga awiri okapita nawo ku Cuamba.

Bambo anapita kunyanja, ndipo mawa lake anafika pakhomo dzuwa litapendeka, nkhope itagwa. Nyali inazima asanafike n'komwe pa timitengo tofiira. Anakhala pambali pa njira kudikira kuti kuyere, ndipo pofika kumsika nsomba zinali zitayamba kufewa mimba. Amayi anatumbula zotsalazo n'kuziwamba, utsi uli kobo pakhomo ponse. Ine ndinaika fyuzi ina, nyali n'kuyaka ngati palibe chomwe chachitika.

Zinayamba choncho, ndipo zinapitirira. Pakhomo nyali inali mwana womvera. Ikangofika kunyanja inkasanduka chidakwa. Ndinasintha switchi. Ndinapala dzimbiri pomwe waya wopita ku felemu amangidwa mpaka chitsulo chinayera. Ndinatsegula nyaliyo, kuifufuza m'kati, kuitseka. Ndinayendetsa zala pa waya yense kufuna pomwe wasupuka, osapeza kanthu. Mafyuzi anatha pa kasitolo ka pa siteshoni ya sitima, ndinayamba kutuma anthu opita ku Nayuchi kuti akandibweretsere. Mwini kasitoloko akandiona ndikubwera ankayamba kuseka ndisanalankhule, n'kufunsa ngati kwathu timadya mafyuzi m'malo mwa ndiwo.

Anthu sanasowe chonena. Pamudzi pathu panali amene anakhala nthawi yonse ya nkhondo, akugona m'tchire, ndi ife amene tinabwerako ndi mapoto oyera ndi mabulangete olandira. Panali kuyang'anana kwa m'mbali komwe sikunathe msanga. Ena anauza amayi kuti mota imeneyi yaponderedwa ndi anthu ansanje, apo bii bwanji ikuzima pamalo amodzimodzi. Ena anati ndi mizimu ya anthu omwe anafera pamadambopo. Tsiku lina ndinapeza kachithumwa katamangidwa pansi pa chishalo. Sindinafunse kuti wamanga ndani. Ndinangokasiya, poti nanenso nzeru zinali zitandithera.

Kenako bambo anachita zomwe aliyense woyenda pa mota ankachita masiku amenewo. Fyuzi itapsa panjira, anatenga kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, n'kukulunga fyuzi yakufayo, n'kuibwezeramo. Kapepalako sikaduka ngati fyuzi, kamangolola moto kudutsa. Anayenda kamtunda pang'ono, utsi n'kuyamba kutuluka pansi pa chishalo. Anafika pakhomo buluku litapsa pantchafu, waya wanga wonenepa atasungunuka ngati phula. Tsiku limenelo ndinawakalipira bambo anga, amayi akumva. Ndinati akanapsa iwo ndi mota yomwe, ndinati ntchito yanga akuiwononga dala kuti ndisapite. Bambo anakhala pa mpando wawo akusisita pomwe papsapo, kenako anafunsa ngati wayayo angapezekenso.

Madzulo amenewo ndikusenda waya wina ndi mpeni, amayi anabwera kudzakhala pafupi nane akutongola chimanga. Kenako anati, "Mwina si nyali, mwanawe."

Ndinawayankha mwaukali kuti ngati nawonso ayamba za ufiti andisiye ndigwire ntchito. Anangonyamula lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Zinthu zina ndinkaziona ndithu. Ndinkaona kuti amayi ankaika nsapato za bambo pamalo amodzimodzi pakhomo tsiku lililonse, ndipo wina akazisuntha ankakwiya kuposa mmene nsapato zingakwiyitsire munthu. Ndinkaona kuti chikho cha madzi sankachiika pansi, ankachipereka m'manja mwenimweni, ndipo nsomba ya bambo ankayamba aichotsa minga. Ndinkati ndi chikondi cha ukalamba, n'kumaseka chamumtima. Maso anga anali kumwamba, kuyang'ana mitambo.

Mitamboyo inayambadi kusonkhana chakum'mawa, kutentha kunafika poti ngakhale nkhuku zinkangoyasama pamthunzi. Malume anatuma mawu kudzera mwa munthu wa pa sitima kuti mwini ofisina wayamba kufunsa. Ndinali nditatopa, kutopa kwa mtima komwe ngakhale ugone sikuchoka. Ndinaganiza zoti ngati vutolo silibwera pakhomo, ine ndilitsate komwe limakhala. Ndinaika waya watsopano, mafyuzi m'thumba, pulayazi ndi tepi yakuda, n'kuwauza bambo kuti ulendo uno ndipita nawo, pobwerera ndidzayenda pansi ndi anthu a njinga.

Sanakondwe nazo, koma anandikweza kumbuyo. Masana amenewo ndinaona kayendetsedwe kawo koyamba patapita nthawi yaitali. Ankayenda pang'onopang'ono, pakati penipeni pa njira, ndipo ankapatuka maenje onse akale asanawafike, ngati munthu woyenda m'nyumba mwake. Koma panali nthambi ina yomwe inali itangogwa kumene, ili poyera, yooneka patali. Tinaigunda. Iwo anati ndine ndikulemera, ndikukhala ngati thumba la chinangwa, n'chifukwa chake mota yakana kukhota. Ndinaseka, iwonso anaseka.

Kunyanja mnzawo uja anatilandira, tinadya, tinagona m'kanyumba ka maukonde. Mbandakucha ndinadzutsidwa ndi phokoso la madzi, mwini nyumba akusamba m'manja ndi kumapazi kukonzekera swala, pemphero la Asilamu. Mabwato anali atayamba kukocheza pakati pa bango. Bambo anakhala chonjuta pafupi ndi bwato lina akusankha nsomba. Iliyonse ankaidina ndi chala pamimba, kuinunkhiza m'makha, n'kuiponya m'dengu kapena kuibweza. Asodzi ankawatama kuti palibe angawanamize nsomba yadzulo. Ine ndinaika fyuzi yatsopano, kuyatsa nyali kuti ndione, n'kuzimitsa. Inali bwino.

Kenako anayamba kumanga dengu. Kamangidwe kameneka ndinali nditakaona kambirimbiri pa njinga yakapalasa, koma pa mota ayi, chifukwa pakhomo dengu linkafika litamasulidwa kale kumsika. Anthu a nsomba onse omwe anayambira pa njinga amamanga chimodzimodzi. Amatenga malegeni, mphira zodula ku chubu chakale, kukoleka pa kaliyala, kudutsitsa pamwamba pa dengu, kenako kulowetsa pansi pa chishalo n'kuzungulira felemu, kuti katundu asasendere kumbuyo pa chitunda. Ukatero umaponda tayala ndi phazi n'kukoka ndi mphamvu zako zonse. Pa njinga pansi pa chishalo palibe kanthu, ndi chitsulo chokhachokha. Pa mota m'pomwe ndinadutsitsa waya wanga.

Bambo analowetsa dzanja pansi pa chishalo osayang'anako, kukoka legeni, kuponda tayala. Ndinagwada pafupi. Atakoka kachiwiri ndinaona kamoto kobiriwira kakuthetheka pansi pa chishalo, n'kumva kaphokoso kakang'ono, thi. Ndinatulutsa fyuzi. Inali itada.

Ndinawauza kuti asamasule kanthu, n'kupempha tochi kwa msodzi wina. Legeni linali litakokera waya m'mphepete mwa kaliyala, pomwe wowotcherera anasiya chitsulo chakuthwa. Chitsulocho chinkacheka khungu la waya kamng'alu kakang'ono n'kukhudza mkuwa wa m'kati, madzi a nsomba akudontherapo. Dengu likamasulidwa waya ankabwerera m'malo mwake, kamng'aluko n'kutsekeka, moti ngakhale uyendetse chala sungakamve. Masiku ena ankafika mpaka kumadambo isanapse chifukwa chakuti legeni silinakoke kwambiri, mabampu a panjira n'kumalizitsa ntchito. Chilimwe chonse ndinkafufuza mota yopanda katundu.

Ndinakhala pansi pamchenga n'kuseka mpaka misozi. Sindikudziwa ngati kunali kusangalala kapena kutopa. Msodzi uja anandipatsa chidutswa cha kapayipi kakale, ndinakulunga wayayo ndi tepi, kumulowetsa m'kapayipimo, n'kumudutsitsa mbali ina komwe malegeni safika. Bambo anamanganso dengu, kukoka mmene angathere. Ndinaika fyuzi ina, ndinaliza injini, n'kuyatsa.

Nyali ija inawala koopsa. Bango lonse linayera, mabwato anaoneka ndi ming'alu yawo yomwe, amayi ena omwe ankatsuka nsomba m'madzi anaphimba kumaso n'kuyamba kudandaula. Ndinagwedeza dengu, kukankha mota uku ndi uku, nyali ili nga. M'mutu mwanga ndinali nditakwera kale sitima.

Bambo anaima pambali panga akuyang'ana komwe kunali kuwalako. Anati yayakadi, koma lero nkhungu yachuluka. Ndinayang'ana kunyanja. Nyenyezi zinali mbee mpaka tsidya la Malawi, ndipo kunalibe nkhungu ngakhale pang'ono. Ndinatembenukira kwa mnzawo uja, iye n'kuyang'ana pansi.

Anakwera mota, anakonza chipewa, n'kunyamuka. Kutsogolo kwawo, pakati penipeni pa kuwala, panali bwato lakale lomwe asodzi analikokera kumtunda dzulo lake madzulo n'kulivundikira kuti alimate. Mwana aliyense akanaliona. Bambo anapita molunjika, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, mpaka tayala linagunda bwatolo. Mota inapendekeka, anaigwira ndi phazi, injini n'kuzima. Nyali yokha inatsala ikuwala pa thabwa lowolalo.

"Ndani waika chinthu panjira?" anafunsa.

Mnzawo uja anapita kukagwira chiwongolero, n'kuwalankhula chapansipansi m'Chiyao. Zomwe ndinamva n'zakuti, achimwene, zakwana, mwanayu waona. Pambuyo pake ndinadzamva kuti iye ndi amayi ankadziwa kuyambira nthawi yokolola, ndipo masiku ena iye ankatuma anthu a njinga kuti aziyenda kutsogolo kwa bambo akuimba belu ngati akungosewera.

Ndinayandikira. Kuwala kwa tochi kutawafika kumaso ndinaona kuyera kwa ng'ala pakati pa maso awo onse, ndipo ndinadabwa kuti ndinkadya nawo mbale imodzi tsiku ndi tsiku osakuona. Iwo anamva kuti ndafika. Anawongola msana ali pa mota pomwepo.

"Nyali wakonza," anatero. "Tinagwirizana. Upite, mvula isakupeze."

Ankanena zoona, ndipo ndikudziwa kuti akanandiperekeza mpaka pa siteshoni. Mawa lake akanamanga dengu lawo n'kulowa pakati pa timitengo tofiira ndi nyali yabwino yomwe sinkawathandiza kanthu. Ndinakwiya kwambiri, osadziwa woti ndimukwiyire. Ndinaganiza za malaya anga awiri ochapa aja.

"Tsikani, ababa," ndinatero. "Nsomba ziwonongeka."

Anachotsa manja pa chiwongolero. Kenako anati dzanja lakumanja likuwawawa kuyambira dzulo, mwina n'bwino lero lokha ndiyendetse ine. Anatsika. Anapapasa malegeni kuona ngati ali olimba, n'kundilangiza kuti pa chitunda cha pambuyo pa dambo ndisasinthe giya mochedwa.

Bambo ndinawasiya kwa mnzawo uja, ndipo ndinafika pa timitengo tofiira kusanayere. Nyali inkaonetsa chilichonse, utoto wosuluka, timitengo tina titadyedwa ndi chiswe, tina titagwa. Chapakati pa malowo ndinaona mkwasa wa tayala la mota ukuchoka m'njira n'kulowa m'maudzu. Unadutsa pakati pa timitengo tiwiri, n'kukathera pomwe udzu unagona, pomwe munthu anaima n'kubweza mota cham'mbuyo. Tayala ndinalidziwa, ndinalimata ndekha. Ndinaima pamenepo injini ikulira, mpaka ndinakumbukira nsomba.

Mvula inagwa sabata yomweyo. Malume anakhumudwa, koma atamva chifukwa chake sananenenso kanthu. Sitima ndinkaiona ndili kumsika ku Entre Lagos, manja ali mamba okhaokha, ikutenga anthu ena kupita nawo ku Cuamba. Poyamba ndinkatembenuka kuti ndisaione, kenako ndinazolowera, mpaka ndinayamba kugulitsa nsomba kwa okweramo kudzera pa mawindo. Mabomba aja anadzachotsedwa, timitengo tofiira anthu anasonkhera moto, njira inakula. Ine ndikuyendabe momwemo, msana ukundiwawa, ndipo dengu ndimamanga mmene ankamangira iwo. Fyuzi sinapsenso.

Bambo anakhala zaka zingapo pambuyo pake, maso akunka natsekeka. Anthu akafunsa ankati mota anaibwereketsa kwa mwana wawo kwa kanthawi. Masana aliwonse ndisananyamuke ankatuluka ndi kansanza, kupapasa mpaka atapeza nyaliyo, n'kupukuta galasi lake mosamala. Akatha ankandiuza kuti ndiyatse, n'kuika chikhatho kutsogolo kwake kuti amve kutentha.

"Ikuwala?"

"Ikuwala, ababa."

Ankagwedeza mutu, n'kupinda kansanza kawo, n'kundiuza kuti ndiziyenda pakati pa njira.